Nkhope Yanu pa Foni ya Wakuba

Amayi anga, kaya mukupeza bwanji uko muliko?

Kuno ku Nangongwe tili moyo, Mulungu akutisunga. Mpongozi wanu, mkazi wa Mabvuto, anachira mwezi watha: mwana wamkazi, mphuno yanu yeniyeni. Ku munda ku Shimabala chimanga chatuluka pang'ono chabe, koma matimati abereka mpaka kusowa ogula. Denga la khitchini likudonthabe pomwe paja.

Koma ndili ndi nkhani yonyansa, Amayi.

Titakuikani m'manda, achibale anagawana katundu wanu monga mwa mwambo. Zitenje anatenga azakhali, mapoto alamu anu, ndipo foni yanu inagwera ba Nelia, ang'ono anu aja. Ba Nelia anadandaula kuti manambala otsegulira foniwo sangawasunge m'mutu. Ine, pofuna kuoneka mwana wabwino pamaso pa akulu, ndinachotsa loko pomwepo. Sindinafufute kanthu. Tsamba lanu la pa intaneti, gulu la pa foni la amayi a Lachinayi, zithunzi, zonse zinapita zili chitsegukire. Kulakwa ndi kwanga, ndipo ndakuvomereza kale pamaso pa Ambuye.

Galasi la foniyo litasweka, ba Nelia anaisiya kwa wokonza mafoni pafupi ndi pokwerera maminibasi. Atabwererako anawauza kuti, "Yafa iyi, mayo, siingauke." Iwo anangoti zikomo n'kubwera kunyumba. Yafa chiyani! Anaigulitsa.

Ndinadziwa Lamulungu lina titatuluka m'tchalitchi. Ba Lungu, anzanu a m'kwaya aja, anandikokera pambali.

"Iwe Misozi, amako ayamba liti kugulitsa mankhwala obweza amuna othawa?"

Ndinaganiza kuti nkhalamba yayamba kusokonezeka. Ananditsegulira foni yawo. Amayi, munali inu! Chithunzi chanu chija cha bulauzi yoyera ndi duku la mapemphero, Baibulo lili m'manja. Pansi pake alembapo kuti muli ndi mankhwala a chikondi, a kulemera msanga, ndi zina zoti pakamwa panga sipangatchule. Nkhope imene inkagwada pasimenti m'mawa uliwonse kutipempherera, lero akuitsatsira zauve ngati nsomba yoola pamsika.

Chondinyansa kwambiri ndi anthu athu omwe. Ena amene ananyamula bokosi lanu alemba pansi pake kuti "Amen". Amen wa chiyani? Wina mpaka anafunsa mtengo! Ena ayamba kunong'onezana kuti mwina munkachitadi zimenezi mobisa muli moyo. Inu amene munakana ngakhale kamkanda ka m'chiuno pamene Mabvuto ankadwala ali khanda.

Wakubayo sanalekere pomwepo. Analemba m'gulu la amayi a Lachinayi m'dzina lanu, akudzitcha mwana wanu, kuti aliyense atobwanye pa linki alandire mphatso ya chikumbutso chanu. Ba Lungu anatobwanya chifukwa chokukondani. Kenaka anawapempha nambala yachinsinsi imene inabwera pa meseji, iwo n'kupereka. Tsopano nawonso awalanda akaunti, ndipo ana awo a ku Lusaka akulandira mauthenga onama oti amayi awo agonekedwa m'chipatala. Ba Lungu anandiuza kuti, "Ndinaona nkhope ya mnzanga, nanga ndikanakayika bwanji?"

Munkakonda kunena kuti, "Chitseko sichidzitseka chokha, ngakhale m'nyumba ya wopemphera." Ndinkayesa mukunena za chitseko cha matabwa basi. Tsopano foni yanga ili ndi loko, pasiwedi siilinso chaka changa chobadwa, ndipo nambala yobwera pa meseji sindipatsa munthu, kaya adzitche abusa. Uthenga wachilendo ukabwera m'dzina la wachibale, ndimayamba ndamuimbira kuti ndimve mawu ake. Foni ikafuna kukonzedwa ndimaimirira pomwepo mpaka amalize, andinene wovuta.

Lamulungu lapitali ndinapempha abusa kuti ndilankhule. Ndinaimirira kutsogolo n'kuuza mpingo wonse kuti si inu, ndipo kuti amene anasiya khomo lotsegula ndine. Nambala yanu tinakaitseketsa, ndipo m'gulu muja anaichotsamo.

Latsala ndi tsamba lija. Eni ake a malo a pa intanetiwo akuti lingathe kusungidwa ngati chikumbutso kapena kufufutidwa lonse. Mabvuto akufuna lisungidwe, chifukwa muli kavidiyo kaja mukuimba pa ukwati wake, kokhako komwe tili nako ka mawu anu, ndipo wakubayo anakabisa moti sitingakakopere. Tinakangana mpaka analira, mwamuna wamkulu. Koma ine sindingalole kuti dzina lanu ligone malo amodzi ndi zonyansa zija. Ndapempha kuti alifufute.

Mundikhululukire, Amayi, ngati ndataya mawu anu pofuna kupulumutsa dzina lanu. Ndikulonjeza kuti Lachinayi likubwerali ndikakhala pa benchi lanu lija, ndipo mayi aliyense sadzatuluka ndisanamuikire loko pa foni yake, ngakhale anyinyirike.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Misozi