Kasinja wanu ndamusambitsa

Bambo a Chimango,

Musanayang'ane pashelefu, yambani mwakhala pansi.

M'mawa uno ndimakonza m'nyumba poti amayi anu akubwera. Ndiye ndinaona kachidole kanu ka kasinja kaja, kamene mwakhala mukupenta masabata atatu, kali mbuu ndi fumbi, m'mawilo muli matope, pachitseko dzimbiri. Ndinati mwina kanagwera panja. Ndakatsuka ndi sopo ndi mswachi wakale, moti pano kakuwala ngati kangochoka m'shopu.

Nditamaliza m'pamene ndinaona chithunzi cha kasinja weniweni chimene mumaonera popenta chija. Kasinja wake ali ndi matope malo omwewo. Apo ndinakumbukira tsiku lija munkasefa dothi pakhonde, ndi penti wakuda wamadzimadzi uja munkadonthezera m'mizere kuti muzioneka mthunzi. Pepani kwambiri, bambo. Koma nanunso munachita kunyanya luso. Dothi munamata dala lija likanakhala losafanana ndi litsiro lenileni, ine ndikanatsuka?

Penti wobiriwira wapansi sanachoke, ndiye mukayamba lero mumaliza lisanafike Loweruka la chionetsero cha kusukulu kwanu. Dothi lofiira ndakutapirani kuseri kwa khola, ndasefa kale ndi kasefa ka tiyi, lili m'chitini pawindo.

Ndathamangira pa Manjawira kukachingamira amayi, minibasi yawo ifika cha m'ma 11. Kasinja wanu wina watsala pashelefuyo, wamatope mpaka kumfuti uja, mumubise musutikesi tisanafike. Ine ndangogwiritsa mswachi. Amayi anu mukuwadziwa, amakwecha ndi mchenga.

Maness