Casilda Sanamalize Mbale Yake

Okondedwa asuweni anga a Amparo,

Ndikhulupirira kuti miyendo ija yasiya kukuvutitsani ku Rosario kuko. Kuno ku Almería tilipo.

Ndangobwera kuchokera kuchipululu cha Tabernas ndi anzanga akusukulu atatu aja, ndipo sindidzapitanso. Fuensanta anaumirira kuyendetsa galimoto, n'kutisocheretsa kawiri mumtsinje wouma. Eulalia ankafuna chithunzi pamwala uliwonse, dzuwa likutiwotcha pankhongo. Kumudzi wamatabwa wojambulirako mafilimu uja anavala chipewa cha woweta ng'ombe, mayi wazidzukulu zisanu.

Kumalo odyera ndiye manyazi okhaokha. Fuensanta anabweza nyama yambuzi ati yalimba. Woperekera zakudya anati, "Mayi, mbuziyi yakulira pamiyala, inu mumati itani?" Tinaseka tonse kupatula Fuensanta mwini wake.

Koma amene wandikwiyitsa kwambiri ndi Casilda. Ulendowu anaukonza ndi iyeyo, kutiimbira foni tsiku ndi tsiku, koma patebulo ankangotembenuza chakudya ndi foloko. Mukumudziwa inu, kale ankamaliza ndi mbale zathu zomwe. Nditamufunsa anati, "Iwe Remedios, idya zako, ine ndikudya ndi maso." Diresi lake layamba kumukhwepa.

Pobwerera anandipatsa kiyi wa nyumba yake, ati kuyambira mwezi wamawa ndizikamuthirira maluwa. Sindinamufunse kumene akupita, iyenso sananene.

Munalemba kuti mubwera pa Pasaka. Ngati n'kotheka, musadikire Pasakayo. Casilda wakufunsani katatu.

Ine msuweni wanu,
Remedios