Azakhali ndi Filimu ya ku Scotland

Lachisanu, mwezi wa Novembala. Ndatopa kwambiri, ndipo mphepo yozizira ya pokwerera basi kuno kunja ku Etobicoke yandilowa m'mafupa.

Nditaweruka ndinatenga azakhali, omwe abwera kudzacheza kuchokera kumudzi, kukabwereka vidiyo. Anasankha okha kaseti. "Iyi ndi ya ku Scotland, kwawo kwa amishonale athu. Singakhale yoipa."

Inali filimu yopangidwa ndi ndalama zochepa, zithunzi zosaoneka bwino, Chingerezi chovuta kumva. Nkhani yake inali ya atsikana oyendayenda ndi bwana wawo wopusa, yoseketsa koma yomvetsa chisoni. Manyazi anandigwira, ndinadzuka kuti ndizimitse.

"Isiye, iwe," anatero.

Mtsikana wina mufilimumo atapatsidwa mbama, anangoseka n'kuyamba kukonzera anzake tiyi. Azakhali anati, "Esnart wanga ankaseka chonchi."

Esnart, mwana wawo, ankagwira ntchito m'mabala ku Lilongwe ndipo anamwalira chaka chatha. Pabanja pathu palibe amene amamutchula.

Filimu itatha, azakhali anandipempha kuti ndiwaphunzitse kubweza kaseti m'mbuyo. Akufuna kudzaonera okha mawa ine ndikapita ku ntchito.