Galimoto Yopanda Injini

Kawale 2,
Lilongwe.
17 Juni, 2025.

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, ndiponso kuti mawondo aja sakukuvutitsani kwambiri ndi chisanu cha mwezi uno. Kuno tonse tili bwino. Chifuwa chimene chinagwira mpongozi wanu Rejoice chija chinatha, ndipo adzukulu anu akukula ngati chimanga cha kudimba.

Ndakhala ndikuimba foni masiku onsewa, koma nthawi iliyonse mlongo wanga Ennie akumandiuza kuti mwapita kudimba, chonsecho wailesi yanu ndikuimva ikulira pafupi pomwepo. Uthenga wanu wokha ndi umene unandipeza, woti, "Umuuze Medson kuti galimoto yake ndaiona." Chifikireni mawu amenewa, chakudya sichikundikomera. Ndiye ndati ndichite zimene munandiphunzitsa inu nomwe, kuti nkhani ikakula munthu azikhala pansi n'kulemba. Chonde muwerenge mpaka kumapeto musanandiweruze.

Bambo, ine ndilibe galimoto. Sindinagule, palibe anandipatsa, ndipo kuyendetsa kumene sinditha. Yoyera ija munaiona m'vidiyo pa foni ya Ennie si yanga, komanso ilibe ndi injini yomwe. Ndiloleni ndifotokoze kuyambira poyamba.

Teremu ino ndimayenera kuphunzitsa ana anga a Sitandade 7 kalembedwe ka kalata. Ndinakonzekera bwino lomwe, zitsanzo ndinalemba pa matchati, mizere ndinajambula ndi rula. Koma nditangolemba mutu wa phunziro pa bolodi, mtsikana wina wochangamuka pakamwa, dzina lake Thandie, anakweza mkono n'kundifunsa kuti kodi masiku ano ndani amalemba kalata, pamene munthu ungathe kungolankhula pa foni mawu n'kupita okha. Kalasi yonse inagwirizana naye. Ana amenewa, Bambo, mitu yawo yadzaza ndi mavidiyo a nyimbo. Kavinidwe kalikonse amakadziwa, ndipo nthawi yopuma amakangana kuti woimba uti ali ndi galimoto zambiri. Mnyamata wina wanzeru ndithu, Joe, anandiuza maso ali gwa kuti iye sukulu aisiya akangomaliza pulayimale, chifukwa sanaonepo mphunzitsi akutsika m'galimoto yonyezimira ngati mmene amachitira oimba. Mawu a mwanayu anandisowetsa mtendere masiku angapo.

Kenako nzeru inandibwerera. Ndinati kalasi yathu ipange vidiyo yakeyake, ya nyimbo yonena za zigawo za kalata, koma chilichonse chimene tingafune pojambulapo tichipemphe polemba kalata. Potero ana aphunzira kulemba, komanso aona ndi maso awo kuti zambiri zooneka m'mavidiyo n'zobwereka. Aphunzitsi aakulu atawerenga dongosolo langa anaseka, n'kuvomera, koma anawonjezera kuti, "Bola mwana wa munthu asathyoke mwendo, a Medson." Iwo ananena mocheza. Ine ndinawanyamula mawuwo.

Nyimbo anapeka ana okha. Imayamba kuti, "Keyala pamwamba, tsiku pansi pake, moni usaiwale, mnzanga." Ine ndinangokonza pamene galamala inakhota. Kenako tinayamba makalata. Mukanaona mmene analimbikirira atadziwa kuti kalatayo ipitadi kwa munthu weniweni! Yoyamba inapita kwa a Mackson, amene amajambula maukwati kuno ku Kawale. Yachiwiri inapita kwa mayi wina wa nyumba yokhala ndi geti yobiriwira ndi maluwa kunja kwa mpanda, kupempha kuti tijambulire kutsogolo kwake. Yachitatu inapita kwa bambo a mwana wathu wina, Tisunge, amene ali ndi galaja ku Biwi. Ana ankabwereza kulemba osadandaula, ndipo ankadzudzulana okha wina akaiwala tsiku.

Mayankho atabwera, m'kalasi munali ngati mwagwa ukwati. A Mackson anayankha kuseri kwa khadi yakale yoitanira anthu ku chinkhoswe, ndipo ana anailandizana mpaka inada. Mayi aja anavomera, bola tisaponde maluwa. Bambo a Tisunge analemba kuti galimoto ilipo, yoyera, yokongola, koma injini yake inachotsedwa kalekale ndipo mwini wake sanabwerenso. Ngati tili ndi mphamvu, tiitenge.

Tinapita kugalajako Loweruka m'mawa. Pampando wakumbuyo tinapeza nkhuku ikufungatira mazira, ndipo tinayamba taisamutsira m'katoni mwaulemu wonse. Ana anatsuka galimotoyo mpaka inayamba kuwala. Galasi lakutsogolo inalibe, koma a Mackson anati zili bwino choncho, chifukwa galasi limabweza dzuwa n'kuwononga chithunzi. Kenako anafotokozera ana kuti pojambula vidiyo munthu saimba zenizeni. Nyimbo tinali titaijambula kale m'kalasi, tsono iwo aziiliza pa sipika, ana azingoyendetsa milomo. Joe anayang'ana a Mackson kwa kanthawi, n'kufunsa kuti, "Ndiye kuti oimba onse aja amangotafuna mpweya?" A Mackson anati inde, ndipo ena amatafuna tsiku lonse opanda chakudya. Mumtima ndinati phunziro langa layamba kulowa.

Bambo a Tisunge atatithandiza kuifikitsa galimotoyo pamsewu wa nyumba ya geti yobiriwira ija, vuto linabuka pa nkhani ya woti akhale pa chiwongolero. Mwana aliyense ankafuna. Ine nditayang'ana msewu ndinaona kuti ukutsetsereka pang'ono, ndipo kumapeto kwake kuli ngalande. Mawu a aphunzitsi aakulu aja anandilira m'makutu. Ndinakana kwamtuwagalu kuti mwana aliyense akhalepo. A Mackson anati, "Ndiye khalanipo inuyo, aphunzitsi, dzuwa likukwera." Ndinayesa buleki mobwerezabwereza mpaka bambo a Tisunge anandipempha kuti ndiisiye ndisanaithe. Umu ndi mmene mwana wanu anapezekera m'galimoto.

Tsopano ndikupemphani kuti muuze Ennie akuonetseninso vidiyoyo, kalatayi ili m'manja. Magalasi akuda amene ndavala aja ndi a a Mackson. Anandibwereka chifukwa fumbi limandilowa m'maso, poti kutsogolo kunalibe galasi. Mkono umene ukuoneka ngati ndautsamiritsa pawindo mwamatama uja, ndinali nditagwira chitseko, chifukwa sichitsekeka. Pamene ndikugwedeza mutu ngati ndikumva kukoma nyimbo, ndinkawerenga ana pa kagalasi ka m'mbali kuti ndione ngati onse alipo. Galimotoyo ikuyenda chifukwa kumbuyo kwake kuli anyamata akuluakulu a m'kalasi mwanga, atawerama kuti asaoneke, akukankha uku akupuma mwawefuwefu. Ndipo geti ija inatseguka titangofika chifukwa wantchito wa mayi aja ankatuluka kukataya zinyalala. A Mackson anamudula m'chithunzi, n'kusiya geti yokha ikutseguka ngati ikulandira mwini nyumba. M'kati mwa mpanda umenewo sindinapondemo, ndipo mwina sindidzapondamo.

Vidiyo itatha kukonzedwa, aphunzitsi aakulu anaikonda kwambiri moti anaitumiza ku gulu la makolo la pa WhatsApp osandifunsa. Kuchoka pamenepo inayenda yokha, mpaka inakwera mapiri a ku Ntchisi kudzakupezani. Ennie wandiuza zimene zinachitika Lamulungu lapitali. Akuti mutatuluka m'tchalitchi, akulu a mpingo anzanu anabwera kudzakugwirani chanza, kukuyamikirani kuti mwana wanu Mulungu wamukweza, ndipo inu munangoyankha kuti zikomo. Akuti mutafika kunyumba munakhala pakhonde nthawi yaitali, kenako munamufunsa kuti, "Iwe unkadziwa?"

Bambo, funso limeneli ndi limene likundipweteka. Ndikudziwa kuti simunakhumudwe chifukwa cha galimoto, koma chifukwa choganiza kuti mwana wanu wapeza chinthu chachikulu n'kusiya kuti mumvere kwa anthu. Kwathu chinthu chatsopano chimayamba chafika pakhomo pa makolo, achione, achipempherere, kenako ndiye dziko lichione. Satifiketi yanga ya ku koleji inagona m'nyumba mwanu isanapite ku ofesi iliyonse. Rejoice munamuona inu anzanga asanamudziwe. Mwambo umenewu sindinauiwale, ngakhale ndikuvomera kuti chichokereni pa Pasaka sindinabwere kudzakuonani, ndipo mwina n'chifukwa chake zinali zosavuta kukhulupirira kuti ndasintha.

Dzulo ndinalowa m'kalasi mutu uli kwina, mpaka ndinalemba tsiku lolakwika pa bolodi. Ine, Bambo, kulakwitsa tsiku! Ana anadziwiratu kuti chilipo. Thandie atandifunsa ngati ndikudwala, ndinapezeka ndawauza zonse, ngakhale mpaka pano sindikudziwa ngati mphunzitsi ayenera kuuza ana nkhani za kwawo. Anaseka mpaka ena kugwetsa mabuku. Tisunge, amene anali mmodzi wa okankha aja, anati msana ukumuwawabe, ndiye n'zosakondweretsa kuti ulemu wonse wapita kwa ine. Koma Joe sanaseke. Anafunsa ngati agogowo ndi munthu wophunzira. Ndinamuuza kuti munaphunzitsa sukulu moyo wanu wonse, ndipo palibe mwana anakupusitsanipo. Iye anati, "Ndiye ngati vidiyo yathu yanamiza agogo otero, ine mavidiyo aja andinamiza kangati?" Ndinangotembenukira ku bolodi n'kukonza tsiku lija, kuti asaone nkhope yanga. Zimene ndinalephera kumuuza ndi matchati anga onse, mwamuphunzitsa ndinu muli ku Ntchisi.

Kenako Thandie yemwe uja, amene ankati kalata n'zachikale, anandiuza kuti ndisiye kuvutika ndi foni. Anati foni munthu amatha kuikana, koma kalata imakhala patebulo kudikira mpaka mwini wake aitsegule, ndipo anandikumbutsa kuti mawu amenewa ndinawauza ndine. Anawonjezera kuti popeza agogo sangakhulupirire munthu mmodzi, kalasi yonse ilembe ngati mboni. Ndiye envelopu yakula chonchi chifukwa muli makalata a ana onse, opita kwa inu. Tisunge walemba kuti ngati mukukayika mubwere mudzatsegule kutsogolo kwa galimotoyo, mudzapezamo udzu. Thandie wakuuzani kuti aphunzitsi ake amabwera kusukulu wapansi ndipo nsapato yawo yakumanzere imalira. Joe wakufunsani ngati uphunzitsi uli ndi phindu, ndipo funso limenelo ndalisiyira inu.

Makalatawa sindinawachonge. Dzanja linkandiyabwa, chifukwa ndaona kale ena aiwala mpumiro ndipo mmodzi walemba moni pamwamba pa keyala. Koma ndaganiza kuti ndisakulandeni ntchito. Ndaikamo cholembera chofiira chatsopano. Mukawachonga muwatumize ndi Kenny, msuweni wanga amene wakubweretserani envelopuyi, pobwerera kuno Lolemba. Ngati mungathe kuwayankha, ngakhale ndi kalata imodzi ya kalasi yonse, adzaisunga mpaka kukula. Ambiri mwa iwo sanalandirepo kalata yochokera kunja kwa Lilongwe.

Yatsala nkhani ya anthu a kutchalitchi, imene ndikudziwa kuti ikukuvutani, poti munalandira kale chanza chawo. Rejoice akuti muzingowauza kuti galimotoyo ili ku galaja, chifukwa limenelo si bodza. Tinaseka, koma tonse tikudziwa kuti inu simungatero. Ndiye ndapempha a Mackson zithunzi zimene anadula zija, ndipo ndazitumiza pa foni ya Ennie. Mmenemo muli anyamata akukankha, nkhuku ili m'katoni, ndi ine ndikukuwa kuti aime pamene ngalande ikadali kutali. Muwaonetse akulu a mpingo Lamulungu likubwerali. Aseke ine mmene angathere, bola inu muyende mutu uli m'mwamba.

Ennie wandinong'oneza kuti mwakhala mukumuuza kuti akubwerezereni vidiyoyo, ndipo dzulo anakumvani mukung'ung'udza nyimbo ya keyala uku mukuthirira mpiru. Chonde musamukalipire. Ndi nkhani imeneyo imene yandipatsa mphamvu zomaliza kalatayi.

Sukulu tikutsekera mwezi wamawa, ndipo tsiku limenelo vidiyo idzaonetsedwa kwa makolo. Ana apempha kuti mudzakhale mlendo wawo, ndipo aphunzitsi aakulu avomera. Mudzavale juzi, kuno m'mawa kukuzizira, ndipo mudzapemphe mpando wakutsogolo m'minibasi chifukwa cha mawondowo. Mankhwala opaka aja musadzawaiwale.

Mundiperekere moni kwa Ennie ndi ana ake, kwa azakhali, ndi kwa onse amene anakugwirani chanza chifukwa cha ine. Rejoice ndi adzukulu anu akuti akusowani. Tsiku limene Mulungu adzandipatse galimoto yokhala ndi injini, msewu woyamba kuudziwa udzakhala wobwera kwanu, ndipo simudzamvera kwa munthu, mudzangomva hutala pabwalo. Koma pakadali pano, mukadzatsika ku depoti mudzandipeza nditaima pamalo pathu paja, wapansi monga mwa masiku onse, kuti ndikunyamulireni chikwama.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Medson.