Nkhongo ya Dalaivala

Lolemba, 3 Marichi
Ndacheka khutu limodzi lokha pometa. Kabala kochepa ngati nsabwe, koma kasitomala kukuwa ngati ndamudula mutu. Abwana kundikokera kuseri kwa shopu, kundinunkhiza pakamwa ngati mwana wakuba shuga. Akuti, "Ukapeze gulu la osiya mowa lija. Ndikadzamvanso fungo, mpando ndipatsa wina." Kuuza ine zimenezo, munthu woti ndimameta ntchentche ikuuluka osaikanda. Manja amanjenjemera m'mawa mokha, ndi kuzizira kumeneko. Koma mpando ukapita, lendi bwanji? Mayi a ana ananena kale kuti akadzalongedzanso katundu sadzamasula.

Lachinayi, 6 Marichi
Kusaka anthu amenewa kwanditha nsapato. Kuchipatala nesi kufunsa mokweza, pabenchi anthu ali thothotho: "Ndinu bambo a mowa aja?" Mulungu amukhululukire, ine ayi. Wanditumiza ku holo ya tchalitchi. Ndapeza kwaya. Ndaimba nawo besi nyimbo ziwiri kuti ndisaoneke wosokera, ndipo kwaya ija yayamba kumveka lero. Mlonda ndiye wandinong'oneza: kusukulu ya pulayimale, kalasi yakumapeto, Lachinayi madzulo. Ndafika atatseka kale. Chikwangwani palibe. Amabisala ngati akuba.

Lachinayi, 13 Marichi
Ndawapeza. Timipando ta ana, mawondo kufika kukhosi. Ndakhala kumbuyo kwenikweni, koma theka la anthuwo ndawazindikira asanacheuke. Wometa amadziwa munthu ndi nkhongo. Makasitomala anga aulemu aja ali phee.
Mtsogoleri ndi telala wina wamkazi, wamfupi ngati sutulu, mawu ngati msilikali. Wolankhula ndi yekhayo amene wagwira chofufutira bolodi. Wandilanda ndisanamalize n'komwe za kubadwa kwanga. Lamulo lina akuti zomwe wamva muno, ndi omwe waona, zimatsala muno. Kuuza wometa asunge nkhani. Bwanji osauza tambala kuti asamalire?

Loweruka, 15 Marichi
Ludzu. Ndamwa tiyi wokwanira kusambitsa ng'ombe. Dalaivala wa lole wa m'gulu muja, wachipsera pankhongo, anandipatsa nambala yake. Ndamuimbira pakhosi patauma. Akuti, "Achimwene, musadule, tiyeni tikambe za mpira." Timu yake ndi yachabechabe, ndamuuza. Tatukwanizana mpaka ludzu lapita. Munthu wabwino, kungoti mutu ngati mbatata.

Lachinayi, 20 Marichi
Dalaivala wagwira chofufutira. Akuti chaka chatha anadzidzimuka m'mawa lole itaima pakati pa bwalo la mpira, katundu ali momwemo, iye osadziwa kuti yafika bwanji. Kuntchito kwake sakudziwa mpaka lero. Ine kufuna kuphulika ndi tseko, iye misozi. Ndaluma kolala.
Manja akhazikika. Abwana anunkhiza katatu sabata ino, sanapeze kanthu, mphuno yawo yakhumudwa. Kunyumba ndapatsidwa madzi osamba otentha, chinthu chomwe ndinachiona komaliza ndili mkwati.

Lachiwiri, 25 Marichi
Anthu sabwera mushopu kudzameta kokha. Tsitsi angametedwe ndi aliyense, kwa ine amadzera nkhani. Lero kasitomala wa suti, wachete ngati manda, makina okha kulira. Ndaponya ya lole ija kuti shopu idzuke. Dzina sindinatchule, ndikulumbira. Ndangoti dalaivala wina wachipsera chonga mwezi pankhongo, ndipo ndawonjezera kuti lole inagoletsa chigoli. Shopu yonse pansi ndi tseko, ngakhale abwana. Wa suti yekha ayi. Wangofunsa, "Chipseracho chili kumanzere?" Ndati eya. Watuluka osadziyang'ana pagalasi. Anthu ena alibe nthabwala.

Lachinayi, 27 Marichi
Dalaivala sanabwere. Wa suti uja ndi kapitawo wa kuntchito kwake. Amulanda makiyi dzulo.
Bola akanandimenya. Palibe wandikalipira, palibe wandiyang'ana. Telala wangonyamula kampando ka dalaivala, wakaika pambali panga kopanda munthu. Akuti, "Muno sitithamangitsa munthu, bambo. Khalani naye pafupi mnzanuyo." Kenako wandipatsa chofufutira, akuti nthawi yonse ndi yanga. Pakamwa gwa. Ine, wailesi ya msewu wonse.
Ndani anamutuma kapitawo kudzameta kwa ine, mashopu ali mbwee? Ndani anamuuza dalaivala kukhala ndi chipsera chodziwika ngati nambala ya galimoto? Ndamenya chitseko cha kalasi ndi chibakera, chitseko chapambana.

Lachisanu, 28 Marichi
Foni ya dalaivala ikungolira osayankhidwa. Wogulitsa makala akuti wamuona ku bala ya kuseri kwa msika, chikhalire dzulo. Bala yanga yomwe ija, komwe amanditsegulira botolo ndisanakhale pansi.
Telala pafoni: "Musapite nokha, dikirani ndiweruke." Ndidikire mpaka munthu amire? Ine sindiperekezedwa ngati mwana wa sukulu.
Abwana anunkhiza mawa m'mawa, ndikudziwa. Mayi a ana ayang'ana nsapato zanga, ayang'ana sutikesi pamwamba pa kabati.
Ndikalowa, ndikamugwira kolala, ndikatuluka naye. Akafuna kundimenya akandimenyere panja. Fungo lokha silinaphepo munthu. Ndalama ndasiya pansi pa pilo, kupatula ya...