Bwalo la Abambo Lachepa

Okondedwa azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Zombako. Kuno kwa Simlemba mvula yakata, ndipo anthu atsikira kumadimba kukafesa mpiru.

Achimwene anu okha ndiwo sanatsikireko. Chibwerereni kuchipatala, sananene zimene adokotala anawauza. Ndikafunsa amangoti, "Iwe Anesi, tandipatsa chikwakwacho." Feteleza wa kuponi amene anasungira tomato apatsa a Ephraim oyandikana nafe, n'kuwonjezerapo kheni yothirira.

Ntchito yawo tsopano ndi pabwalo. Atchetcha udzu mpaka kumsewu, zitsa zonse azula. Fodya amuchotsa m'chigafa asanaumitsitse, pansi n'kusesapo bwinobwino. Nkhuni aunjika mulu wondipitirira msinkhu, chonsecho pakhomo pano tilipo awiri. Kanjira kopita kumene anagona amayi akalambulanso.

Dzulo ndinati, "Bambo, bwaloli lakwana, tapumulani." Anamwazamwaza maso, nati, "Lachepa. A kumpingo okha adzadzaza apa. Nanga azakhali ako ndi anthu awo adzakhala pati?"

Kudya akudya ndithu, musadandaule. Koma ngati munkati mudzabwera tikakolola, chonde musadikire chimanga.

Ndine mwana wanu,
Anesi