Shelefu ya Pangodya Yagwa

Wokondedwa mdzukulu wanga,

Kaya uli bwanji kumeneko? Ine ndilipo, kungoti mawondo akulira ngati chitseko chosowa mafuta. Malume ako ali bwino, matama okha ndiwo sachira.

Ndati ndikuuze ndekha: shelefu ija yagwa.

Ukukumbukira tsiku lomwe malume ako ankaikhoma pangodya ya chipinda chochezera, polumikiza matabwa awiri osongoka otsala kuntchito kwawo? Iwe unatulutsa kapulasitiki kako ka kusukulu, kooneka ngati theka la mwezi, n'kuyeza nsonga zake. Unati lina ndi madigiri 50, linalo 30, pomwe ngodya ya khoma imafuna 90. Unati awiriwo sadzaza ngodyayo, patsala mpata, ndipo thabwa limodzi silitsamira khoma.

Ine ndinakuyankha pamaso pa alendo. Ndinati malume ako anagwira sowo iwe usanamere mano, ndipo sukulu yangokukulitsa pakamwa. Ndinatinso mwamuna wodzakukwatira udzamuyeza mphuno asanalowe m'nyumba. Anthu anaseka. Kapulasitikiko ndinakulanda. Papita zaka ziwiri chichokere iwe, ngakhale patchuthi subwera.

Mpata unalipodi, wolowa zala zanga ziwiri. Malume ako anatsekamo nyuzipepala n'kupaka penti, amvekere khoma ndiye lokhota. Ine ndinauona ndithu, koma ndinayalapo kansalu kuti ndisauonenso. Pamwamba pake ndinasanja makapu asanu ndi imodzi a malemu mayi ako, omwe ndinkakusungira iwe.

Lachiwiri m'mawa ndikusesa, ndinangomva phwaa! Yatsala kapu imodzi, nayonso yopanda chogwirira.

Ndinakhala pansi pakati pa zidutswazo n'kuyamba kuwerenga ndi zala: 50 ndi 30. Ine amene ndinalekezera kalasi yachiwiri ndinapeza 80. Nanga tsiku lija zala zimenezi zinali kuti?

Ndinalakwa, mwanawe. Mawu amenewa sindinamuuzepo munthu. Ngakhale agogo ako aamuna anapita kumanda osawamva.

Kapulasitiki kako sindinataye ayi, kali m'chitini cha mabatani. Malume ako akufuna kukhoma shelefu ina, koma hamala ndabisa. Ndawauza kuti m'khoma limenelo simulowa msomali mpaka mwini kuyeza atafika.

Bwera, udzatiyezere, udzatengenso kapu yako. Upereke moni kwa azakhali ako. Mulungu akusunge.

Ndine agogo ako,
apakamwa paja